Mapiritsi a Ulendo wa ku Solomoni

Thamesmead, London
20 Ogasiti 2006

Okondedwa amake Atikonda,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Atikonda ndi wa amayi kumudzi. Kodi mwendo wawo uja ukuwalola kupita kudimba? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugwira ntchito, kungoti tulo masiku ano sitikubwera bwino chifukwa cha maganizo.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindimasuka. Foniyo ndi ya achimwene anu a Killian, ndipo ndikamalankhula nanu ndimawamva akutsokomola pambali panu, osasuntha. Nkhani iyi ndikufuna muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Musadzidzimuke. Ukwati wa mwana wathu uli pomwepo pa 16 Disembala, ndipo tikiti yanga ya pa 8 ndaisunga m'Baibulo. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala bambo wa pafoni. Polemba mayeso a Folomu 4 panalibe ine, pachinkhoswe panalibe ine, mkamwini wathu Brave ndimangomudziwa pachithunzi. Koma tsiku limenelo Atikonda adzalowa m'tchalitchi atagwira mkono wanga, osati wa munthu wina. Ndamva kuti alamu anga ayamba kale kuyesa majekete. Muwauze mwaulemu kuti mwanayo bambo ake alipo.

Nkhani ndi iyi. A Paterson, mkulu amene ndimamusamala ku Lewisham uja, akufuna kuyenda ulendo, ndipo ine ndipita nawo. Akupita ku zilumba za Solomoni. Musandifunse kuti ndi kuti, inenso ndinachita kufufuza pamapu. Munthu ukafika ku Australia umapitirirabe m'nyanja yaikulu ya Pasifiki, mpaka upeze timadontho tonga zitosi za nkhuku pabwalo. Kumeneko anaphunzitsako sukulu ya mishoni ali mnyamata, ndipo n'kumene anapezana ndi akazi awo, amene anali nesi. Mayiwo anamwalira chaka chatha. Kuno maliro ena amawotcha, ndiye phulusa lawo lili m'kachitini pamwamba pa kabati, ndipo Lolemba lililonse ndimakapukuta fumbi ndikupepesa mumtima. Asanamwalire anapempha kuti akawasiye kuchilumba chawocho.

Mkuluyo ali ndi zaka 81, ali ndi shuga, mtima nawonso ndi wochita kupembedza. Mwana wawo Miriam, amene amandilipira, analira, anakalipa, kenako anagonja. Anati apite, koma apite ndi Biswick, chifukwa iye sangachoke kuntchito. Ndinakana kawiri. Kachitatu anandiuza kuti ndikawaperekeza bambo ake, mwezi wonse wa Disembala ndi wanga, apeza wina wondigwirizira. Paja mukudziwa kuti anali atandipatsa masiku khumi okha, ochotserapo a m'ndege. Pamenepo ndinasowa pokanira. Tinyamuka pa 2 Okutobala, tibwerako pa 20, ndiye nthawi ilipo yokwanira.

Mbuzi ziwiri zija musagulitse, ndi za paukwati, ngakhale wina abwere ndi nzeru zotani. Denga la khitchini likonzedwe mvula isanagwe, alendo a kuchimuna asadzatiseke. Za holo ndikufuna ndimve kaye ine musanavomere kanthu.

Ndimakusowani. Pafoni sindingathe kunena mawu amenewa alamu akutsokomola.

Ine mwamuna wanu,
Biswick

Thamesmead
10 Sepitembala 2006

Amake Atikonda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo chimvereni kuti Atikonda wagonanso ndi malungo. Kawiri chichokereni Pasaka! Bwanji simunandiuze msanga? Ndinachita kumva kwa alamu, ndipo ananena ngati akundizenga mlandu. Akuti waonda mpaka telala wabweza diresi m'chiuno.

Mundikhululukire kalembedwe, mikono yonse iwiri yatupa ndi jakisoni. Kuno munthu sangonyamuka kupita kumayiko otentha, amayamba wapita kukiliniki ya apaulendo. Lachinayi ndinawakankha a Paterson pawilitcheya mpaka kumeneko. Tinapezako nesi wa ku Zambia, dzina lake Thandiwe, wamfupi koma pakamwa posayamba dala. Anatibaya wa tayifodi, wa matenda a chiwindi, wa kafumbata, kenako anatulutsa pepala la malamulo ochuluka kuposa a Mose. Madzi tiziwiritsa. Madzulo tizivala malaya a manja aatali ndi kudzola mafuta othamangitsa udzudzu. Masananso tizidzola, chifukwa akuti kuli udzudzu wina woluma dzuwa likuswa mtengo, wopatsa matenda otchedwa dengi, amene alibe mapiritsi. Tikatemeka ndi miyala ya m'nyanja titsuke bala pomwepo, chifukwa kumeneko kabala kakang'ono kamasanduka chilonda, makamaka kwa munthu wa shuga. Insulini ya mkuluyo iziyenda m'kachikwama kozizira, pamodzi ndi kalata ya dokotala kuti pabwalo la ndege asatilande masingano. Miriam walipiranso inshuwalansi yoti bambo ake akadwalitsa, ndege idzawatenge kupita nawo ku Australia, chifukwa zipatala za kuzilumbako ndi zochepa mphamvu.

Pomaliza anaika patebulo timabokosi ta mapiritsi oteteza malungo, tina ta mkuluyo, tina tanga.

"Manje ba Biswick, aya ni yanu," anatero nesiyo. "One tablet daily, na chakudya. Muyambe mukalibe kunyamuka, mukabwela mupitilize one week."

Ndinaseka chikhakhali. Ndinati, "Asisi, amenewa apatseni azunguwa. Ine ndine wa ku Nchalo. Malungo ndinayamba kudwala ndisanamere mano, ndipo zaka khumi ndi zinayi ndagwira ntchito pachipatala ndikuwaona tsiku ndi tsiku."

"Mwankhala zaka zingati mu UK?"

"Seveni."

"Ninshi immunity yanu inasila kudala. Thupi imaibala, ba Biswick. Bamene timagoneka mu ward na malaria si bazungu iyai, bazungu bamamwa mankhwala. Ni ise bamene tikamba ati nikuidziba."

Mawu amenewo anandipweteka, sindikubisirani. Thupi lingaiwale bwanji kwawo? Kodi Chichewa ndaiwala? Kodi njira ya kudimba kwa amayi ndaiwala? Ndinangoti zikomo, ndinatenga timabokosito, koma m'basi monse ndinali kuyankhana naye mumtima.

Nditafika kunyumba ndinaona mtengo palisiti. Piritsi limodzi ndi mtengo wa nkhuku yathunthu kwathuko, ndipo alipo makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Ndinawerenga kapepala kam'kati, akuti mankhwala omwewa amachizanso munthu amene wadwala kale. Ndiye ndinadzifunsa kuti nkhuku zonsezi zithere m'mimba mwa ine, munthu amene udzudzu wa ku Shire unanditopa kalekale, pamene mwana wanga akunjenjemera kutatsala miyezi itatu kuti akwatiwe? Ayi.

Mlongo wake wa Bester, mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi, akubwera ku Blantyre Lachitatu, ndipo ndamupatsira phukusi. Muli nsalu za paukwati zija munanena, ndi timabokosito. Atikonda akangomva mutu, mupite nawo mankhwalawo kwa adokotala a pachipatala chathu chija, akuuzeni kamwedwe kake. Musagawire anthu. Musawauzenso alamu kuti anali anga, angapeze poyambira.

Perekani moni kwa amayi.

Biswick

Zilumba za Solomoni
12 Okutobala 2006

Amake Atikonda,

Moni wochokera kumathero a dziko. Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo Atikonda wayambanso kudya. Ine ndili gwa, kuposa mmene ndakhalira zaka zonsezi. Kalatayi ndampatsira wansembe amene akupita ku Honiara, likulu lawo, ndipo mwina ine ndidzafika ku London iyo isanafike ku Nchalo.

Tsiku lija munandikalipira pafoni kuti ndachita zopusa potumiza mapiritsi aja. Sindinakuyankheni chifukwa khadi yoimbira foni inali kutha, komanso sindinazolowere kumva mawu amenewo kuchokera kwa inu. Ndikuyankhani pano: bwerani mudzaone. Kuno ndi kwathu kwenikweni. Kutentha kwake ndi kwa Nchalo mwezi uno. Anthu ake ndi akuda ngati ife, moti pabwalo la ndege wina anandilankhula chilankhulo chawo mpaka kukwiya kuti ndikunyada. Amadya chinangwa, mbatata ndi nsomba, kungoti chilichonse amathira kokonati. Ana amathamangira galimoto, amayi amakhala pansi m'tchalitchi, nkhuku zimalowa m'kalasi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyenda mapewa ali m'makutu chifukwa cha kuzizira, kuno mapewa atsika okha.

Ulendo wake ndiye sindiufunira munthu. Ndege zitatu, masiku awiri, kenako boti la injini maola anayi. Miyendo ya a Paterson inatupa mpaka nsapato kukana, ndipo ine maso anali pakachikwama ka insulini njira yonse. Titafika ndinapempha kuti ndione kiliniki, kuti ndidziwe kothamangira zikavuta. Amake Atikonda, ndinangoima pakhomo n'kuseka. Nesi mmodzi, mabedi atatu, wailesi yoitanira thandizo yoyendera dzuwa, shelefu ya mankhwala theka mulibe kanthu, ndi mzere wa amayi obereka ana otentha thupi. Ndinatsala pang'ono kuvula jekete n'kuyamba kulemba mayina. Nesiyo anandiuza kuti malungo kuno ndi ambiri, ndipo wodwalitsa amadikira boti, nyanja ikalusa amadikirabe.

Mkuluyo ndikumusamala ngati dzira. Madzi ndimawiritsa ndekha. Mapazi awo ndimawayang'ana m'mawa ndi madzulo. Neti yawo inang'ambika m'boti, ndiye ndinawapatsa yanga, ine ndimagona pakhonde pamphepo monga timachitira kwathu kukatentha. Udzudzu ulipo, koma ndi waung'ono, wopanda ulemu wake ngati wa ku Shire. M'mawa ndikawabaya insulini ndimawapatsa piritsi lawo, iwo n'kufunsa kuti, "Nanga lako, Biswick?" Ine ndimaponya panado m'kamwa, tonse n'kumwera tiyi. Bodza limeneli limandiwawa pang'ono, chifukwa mkuluyu sanandinamizepo.

Phulusa lija tinakalisiya dzana. Kunabwera nkhalamba zisanu ndi imodzi zimene mkuluyo anaziphunzitsa zili ana, zina zopanda mano, zonse zikumuitana kuti aphunzitsi. Tinalowa m'mabwato. Chitini chinawakanika kutsegula, ndiye ndinatsegula ndine. Anathira pang'onopang'ono, nkhalamba zija zikuimba nyimbo ya m'buku imene ifenso timaimba, mawu okha ndiwo osiyana. Ndinalira, Etta mkazi wanga. Sindinalirire mayi amene sindinawaonepo. Ndinaona munthu atayenda dziko lonse kuti asunge lonjezo kwa mkazi wake, ndinakumbukira kuti ine ndinakuuzani kuti ndikupita zaka ziwiri zokha.

Chichokereni tsiku limenelo sindikukhazikika. Kuno n'kokoma koma si kwathu, ndipo kufanana kwakeko n'kumene kukundisowetsa mtendere. Ndikufuna ndichoke, ndifike ku London, ndichokenso. Kwatsala masabata asanu ndi atatu kuti ndikwere ndege yobwera kwa inu.

Holo ija ndavomera. Koma mipando akawerenge Brave ndi anzake, osati alamu.

Biswick

Thamesmead
29 Okutobala 2006

Amake Atikonda,

Muli bwanji nonse? Ife tinafika bwino pa 20 monga ndinanenera pafoni. A Paterson ali bwino kwambiri, anamaliza mapiritsi awo Lachisanu, ndipo akufotokozera aliyense za ulendowu, ngakhale wobweretsa makalata. Miriam anandikumbatira pabwalo la ndege anthu akuona, ndinachita manyazi. Wondigwirizira mu Disembala wapezeka kale. Zonse zili m'malo.

Ine ndilipo. Kungoti kuchoka kotentha kuja n'kugwera m'chisanu chino, thupi ladabwa. Lero abweza mawotchi ola limodzi, ndiye mdima uziyamba anthu asanaweruke. Chiyambire Lachinayi mutu ukundiwawa chakumaso kuno, ndi m'mawondo mukuphwanya. Ndi chimfine cha nyengo ino, theka la anthu m'basi akuyetsemula. Musade nkhawa.

Bester ndiye wayamba kundivutitsa. Dzulo anandipeza nditafunda bulangete masana, chotenthetsera m'nyumba chili choyatsa.

"Mdala, mukuoneka rough," anatero. "Pitani kwa GP, dokotala wanu uja, Monday, muwauze kumene munali."

Ndinamuuza kuti asamale zake. Iye amagwira ntchito yoyeretsa m'maofesi, za matenda akudziwapo chiyani? Nesi wa ku Zambia uja anatipatsa kakhadi kolembedwa kuti munthu akatentha thupi atabwerako, ngakhale patapita miyezi, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo n'kunena kumene anali. Bester anakaona pafiriji, ndiye wakaloweza ngati katekisimu. Ndakachotsapo.

Taganizani inuyo. Ndikayamba kujomba pano, masabata asanu ndi limodzi ndisananyamuke, Miriam aganiza chiyani? Munthu wandipatsa mwezi wathunthu. Sindikufuna kumupatsa chifukwa choti ayambe kuwerenganso masiku. Ndipirira sabata ino, zitha zokha.

Munditumizire saizi ya nsapato zanu, ndaiwala ngati ndi sikisi kapena seveni, ndipo musandiseke. Ndaona zina zabwino pamsika wa ku Lewisham, zoyera, chidendene chachifupi choti mutha kuvina nazo. Mufunsenso Atikonda nyimbo imene tidzalowere m'tchalitchi. Ndikufuna ndiziyeserera kuyenda kuno m'khonde, ndisadzamuponde diresi.

Ndikanalemba zambiri koma maso akulemera.

Biswick

Thamesmead
2 Novembala 2006

Etta,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine pang'ono.

Ndikudziwa chimene chandigwira. Ndachiona pa anthu mazanamazana, sindingachisokoneze ndi chimfine. Chimabwera masana ndi kuzizira mpaka mano kugundana, kenako moto, kenako thukuta. Musauze munthu.

M'sutikesi ndinali ndi mapiritsi atatu akwathu aja omwera kamodzi, amene wina anandibweretsera zaka zapitazo. Deti lake linadutsa koma ndamwa. Kwathu timamwa amenewa n'kupita kumunda mawa lake.

Kuchipatala sindingapite. Akandifunsa kuti mapiritsi oteteza aja munamwa, ndiyankha chiyani? Zikafika kwa Miriam kuti mankhwala amene anagula ndi ndalama zake ndinatumiza ku Malawi, kuti masabata atatu ndinkanamiza bambo ake m'mawa uliwonse, adzandikhulupiriranso? Ntchito ikhoza kutha, ndi Disembala yemwe.

Dzulo pochokera kuntchito ndinapitirira siteji yanga. Anandidzutsa ndi dalaivala basi itafika kumapeto, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe kuti ndili dziko liti. Mkodzo nawonso wasintha mtundu, koma mwina ndi mapiritsiwa.

Mawa ndipita kuntchito. Loweruka ndigona tsiku lonse, Lamulungu ndidzakhala nditachira, ndidzakuimbirani.

Nsapato zija sindinagule. Ndigula.

B.

Kuchipatala, Lewisham
23 Novembala 2006

Okondedwa amake Atikonda,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa zimene mwadutsamo masabata atatu awa. Inu muli bwanji? Amayi anauzidwa zotani? Kalatayi ndailemba pang'onopang'ono, masiku awiri.

Zambiri munamva kwa Bester, koma mumve kwa ine. Loweruka lija m'mawa anandipeza nditagwa kubafa, ndikulankhula zosamveka. Anaitana ambulansi, ndipo ndiye anawauza kuti ndinali ku Solomoni, atatola kakhadi kaja m'bini mmene ndinakataya. Adokotala akuti akanachedwa mpaka madzulo, bwenzi mukulandira bokosi pa Chileka. Masiku asanu ndi anayi sindikuwadziwa. Ndinadzuka ndili ndi mapaipi m'khosi, ndipo chinthu choyamba chimene ndinafunsa ndi deti.

Anali malungo, a mtundu woopsa uja. Analowa m'mutu, anawononganso impso. Malungowo anatha, koma impso zinaima. Katatu pasabata amandilumikiza ku makina otsuka magazi, maola anayi nditagona chagada ndikuyang'ana denga. Akuti impso zoima chonchi nthawi zambiri zimadzukanso, koma zimadzuka pa nthawi yake.

Ana asukulu ya udokotala amabwera m'magulu kudzandiona, chifukwa ambiri sanaonepo malungo otere. Ine Biswick wa ku Nchalo, amene ndinkaphunzitsa amayi kumanga neti, lero ndine chophunzirira. Nesi Thandiwe anamva, anabwera Lachiwiri ataweruka. Ndinatseka maso kudikira kuti andinyoze. Anangokhala pampando n'kunena kuti, "Ba Biswick, mwatiyofya." Bola akanandikalipira.

Miriam ndinamuuza zonse ndekha, za phukusi ndi za panado. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ukanandiuza kuti mwana wako akudwala, ndikanagula ena." Zimenezo sizinandibwerepo m'mutu ngakhale kamodzi. Za ntchito akuti tikambirana ndikachira, ndipo sindinafunse zambiri. A Paterson anabwera pa takisi, anandigwira dzanja ola lathunthu, za bodza lija sanatchule.

Bester wandiuzanso zinthu ziwiri. Choyamba, akuti masiku onse aja alamu a Killian amapalasa njinga m'mawa ndi madzulo kubweretsa foni kwanu kuti mumve za ine, ndipo mayunitsi amagula okha. Muwathokoze. Ndidzawathokozanso ndekha.

Chachiwiri ndi cha mapiritsi aja. Akuti Atikonda sanamwe ngakhale limodzi, anachira ndi a kuchipatala chathu. Akuti inu munawakulunga m'nsalu n'kuwaika pansi pa sutikesi, kusungira ine, chifukwa aliyense ku Nchalo amadziwa kuti anthu obwera kuchokera kunja malungo amawagwetsa moipa. Etta, ndinaseka mpaka nesi anathamanga kudzaona makina, kenako kusekako kunasanduka zina. Ndiye kuti inu munadziwa, nesi anadziwa, Bester woyeretsa m'maofesi anadziwa. Amene sanadziwe ndi amene anagwira ntchito pachipatala zaka khumi ndi zinayi.

Koma tamverani. Tikiti ya pa 8 sindinabweze. Kwatsala masabata awiri. Dzulo ndayenda ndekha mpaka kumapeto kwa wodi ndi kubwerera. Ndinafunsa adokotala aakulu za ulendo, anangoti tiona mmene magazi akhalire sabata yamawa. Sananene kuti ayi. Musasinthe kalikonse, ndipo Atikonda mumuuze kuti bambo ake akubwera.

Mundipempherere impsozi.

Mwamuna wanu,
Biswick

Thamesmead
6 Disembala 2006

Okondedwa Etta,

Moni kwa inu, kwa Atikonda, kwa amayi ndi kwa onse amene ayamba kusonkhana pakhomopo. Ine ndinatuluka m'chipatala Lachisanu, ndikupezako bwino. Kalatayi akubweretserani ndi msuweni wa Bester amene akunyamuka mawa, kuti ifike m'manja mwanu tsiku lisanakwane. Ndikanatha kuimba foni, koma ndayesa kawiri, ndikangomva kuitana ndimadula.

Sindibwera.

Impso zayamba kudzuka, koma pang'ono. Makina aja ndikuwafunabe kawiri pasabata, mwina mpaka Januwale, mwina kupitirira. Lolemba ndinakangana ndi adokotala. Ndinawauza kuti ndingopita masiku asanu, ndisaina pepala lililonse loti ndadzifunira ndekha. Anandifunsa kuti ku Nchalo makinawo ndikawapeza kuti, nanga malungo akandigwiranso impso zili chonchi ndidzatani. Ine ndinaumirirabe. Pamapeto anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, mukapita, mwana wanu akhoza kuchita ukwati Loweruka, maliro Lachitatu."

Ngakhale pamenepo sindinamve. Mukundidziwa. Dzulo ndinalongeza sutikesi, ndinati ndiyese kuinyamula mpaka pasiteji ya basi, ndione ngati ndingathe. Siteji yake ili pafupi ngati kuchoka kwathu kufika pamjigo. Sindinafike. Ndinakhala pasutikesipo m'mphepete mwa msewu, mvula ikuwaza, mpaka mayi wina wachizungu anandifunsa ngati aitane ambulansi. Anandibweza kunyumba ndi Bester. Tikiti wakabweza ndi iyeyo lero m'mawa.

Mtima ukundipweteka kuposa mmene thupi linapwetekera. Zaka zonsezi ndimati ndikadzangoyenda naye mwanayo kuchoka pakhomo la tchalitchi kufika kuguwa, zina zonse zimene ndinaphonya zidzakhululukidwa. Ndimayenda m'khonde muno kuyeserera. Ndataya zimenezo ndi manja anga.

Ndikupemphani zinthu ziwiri.

Mukamamuuza Atikonda, musanene kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo musanene kuti bambo ake anadwala chifukwa chomukonda. Anthu adzanena zimenezo pofuna kumutonthoza, ndipo iye adzayamba kuganiza kuti mlandu ndi wake. Si wake. Ndinauzidwa, ndinaseka. Ndinkaopa kuvomera kuti ndakhalitsa kunja mpaka kusanduka mlendo. Mumuuze choncho, mosachotsera. Kulira alire sabata ino, Loweruka lake adzaseke.

Chachiwiri, mupite kwa achimwene anu a Killian. Musatume munthu, mupite nokha, mukagwade monga ndikanagwadira ine. Mukawauze kuti Biswick akupempha kuti amuperekeze mwana kuguwa. Ndiwo anamuperekeza ku sekondale tsiku loyamba, ndiwo ankamunyamula panjinga kupita kuchipatala, ndiwo anakhala pachinkhoswe. Ndinkawachitira nsanje chifukwa amachita zimene ndinayenera kuchita ine. Wansembe akadzafunsa kuti akupereka mwanayu ndani, ayankhe mokweza, asachite manyazi ndi ine.

Koma chinthu chimodzi. Achimwene anu amayenda mofulumira kwambiri, ngati basi ikuwasiya. Muwauze kuti tsiku limenelo ayende pang'onopang'ono, anthu amuone bwino mwana wanga.

Pepani, Etta.

Ine mwamuna wanu,
Biswick